Mlatho wa Malume Armindo

1

Munditchule Telma. Si dzina limene ndinabatizidwa nalo, koma likwanira. Mukafika kwathu, kufupi ndi Lifidzi, n'kufunsa za ine, adzakuuzani kuti ndine mtsikana amene anachititsa manyazi mtundu wake wonse. Sindikana. Koma chimene iwo akunditukwanira si chimene chimandinyansa ine ndikadziyang'ana, ndipo n'chifukwa chake ndalembera magazini ino.

Ndinali m'chaka chachitatu cha maphunziro a zomangamanga ku Tete. Chaka chimenecho wophunzira aliyense amapita ku esitajiyo, kukagwira ntchito miyezi itatu pamalo pamene akumanga, kuti zimene anawerenga m'mabuku azigwire ndi manja. Wopanda esitajiyo samaliza sukulu. Anzanga a m'tauni anapeza malo msanga kudzera mwa makolo awo. Ine bambo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo ndinalibe wondilankhulira ku ofesi iliyonse. Ndinangopemphera.

Tsiku lina m'mawa mayi anga, a Perpétua, anaimba foni.

"Longedza zovala. Malume ako akupezera malo."

Malume Armindo, mlongo wawo wa mayi, anali mmisiri wamkulu pa kampani ina imene inkamanga mlatho pa mtsinje wa kwathu. Mtsinjewo m'chilimwe mwana amaudumpha, koma m'dzinja umadula mudzi wathu pakati pa minda ndi msewu wa ku Ulongwe. Ndinagwada pomwepo m'chipinda n'kuyamika Mulungu chifukwa cha malume anga.

2

Tsiku loyamba ndinavala chipewa choyera ndi nsapato zachitsulo zobwereka, zazikulu kuposa phazi langa. Amuna osakaniza konkire atandiona anaima ntchito.

"Pepani, pepani, a Enjenyera afika! Bisani mashovelo, angadetsedwe!"

"Ameneyu si mwana wa a Perpétua uja ankalira pa katemera?"

Ndinangoseka, maso pansi. Amene anandilanditsa anali a Zeferina, mmodzi wa amayi otunga madzi a pa ntchitopo. Anatula ndowa n'kunena, "Musiyeni mwana. Inu zaka zonsezi mwaphunzira chiyani kupatula kulavula m'manja?" Kenako anang'amba kansalu pa chitenje chawo chakale n'kunditsindira kunsonga kwa nsapato kuti zisamavuke. Sanandifunse ngati ndikufuna. Masana ankandisiyira mbatata za kachewere zophika, ziwiri, pamwala pamene ndinkakhala, osanena kanthu.

Mkulu wa ntchito yonse anali enjenyeru Estêvão. Anali ndi milatho itatu m'maboma osiyana, ndipo kwathu ankafika kamodzi pa milungu iwiri. Anandipatsa ntchito ziwiri. Yoyamba inali ya mosungira simenti: thumba lililonse likafika kuchokera ku Tete, ndizilemba tsiku ndi penti wabuluu, kuti lakale liziyamba kugwiritsidwa ntchito. Yachiwiri anaifotokoza pang'onopang'ono atandigwira paphewa.

"Tsiku lothira nsanamira, utenge konkire yemwe akulowa m'nsanamirayo, uthire m'zikombole izi. Zikauma ndi makubu. Amakhala m'madzi masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, kenako amapita ku Tete kukaphwanyidwa ndi makina. Kubu likalimba, timadziwa kuti mlatho ndi wolimba. Ine m'kati mwa nsanamira sindiona. Maso anga ndi iweyo."

Ndinati, "Ndamva, bwana."

Malume anali pambali akumwetulira. "Musade nkhawa, a Enjenyeru. Ameneyu ndi magazi anga."

3

Tinathira nsanamira mu Julaye, tsiku la chisanu choluma zala. Enjenyeru anali ku mlatho wina. Pepala linkati pa thumba limodzi la simenti pathiridwe wilibala imodzi ya mchenga ndi imodzi ndi theka ya miyala. Ndinaima pafupi ndi makina osakanizira n'kumayang'ana. Thumba limodzi. Mchenga wilibala ziwiri. Miyala zitatu. Kenako madzi, madzi ambiri, kuti zioneke zoterera.

Ndinaganiza kuti ndaona molakwa. Ndinayang'ananso ulendo wachiwiri, ndi wachitatu. Konkire ankatuluka wotumbuluka ngati phala la gaga.

Ndinatenga zikombole zanga kupita kukamwa kwa makina. Malume anandigwira dzanja.

"Za makubu zili uko."

Kuseri kwa mosungira simenti kunali lata, ndipo pa latapo anali atasakaniza okha konkire wina pang'ono, wakuda bwino, wonata.

"Malume, a Enjenyeru anati nditenge amene akulowa m'nsanamira."

"A Enjenyeru ali kuti?"

"Koma muyezo uja si wa papepala."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. "Iwe, ndinayamba kumanga tili ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, amayi ako asanakuganizire n'komwe. Wamanga milatho ingati? Azungu amalemba simenti yambiri chifukwa kwawo kumagwa chisanu cha miyala. Kuno pamadutsa njinga ndi mbuzi. Thira apa, usandichedwetse."

Ndinaleredwa kuti malume sayankhidwa kawiri. Ndinathira. Makubu asanu ndi limodzi, okongola, osalala ngati sopo. Ndinawamiza mu m'golo wa madzi n'kudziuza kuti sindinaname, chifukwa palibe amene anali atandifunsa. Pepala lotsimikizira lidzasayinidwa makubu akamanyamulidwa. Ndinali ndi masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu oti ndipeze mawu.

Atachotsa matabwa otchinga konkire, ngodya za nsanamira zinkayoyoka ukazikanda ndi msomali. Malume anaitana anthu awiri n'kuzipaka pulasitala madzulo omwewo. Enjenyeru atabwera anazisisita n'kunena kuti ntchito ndi yaukhondo. Ine ndinali kumbuyo kwawo.

4

Mu Ogasiti tinamanga chiliza cha bambo. Kwathu munthu akatha chaka m'manda, abale amamumangira chiliza, ndipo manda akakhala dothi lokha anthu amanena. A kuchimuna anali atayamba kale kunena. Ankati mayi anadya thukuta la m'bale wawo n'kumusiya pansi pa udzu ngati mlendo wofera panjira. Mayi ankabwera kuchokera kumsika maso atafiira.

Ndiye malume ananena kuti, "Zisiyeni kwa ine."

Anamanga ine ndili ku ntchito, masiku atatu okha. Loweruka abale anasonkhana, ena kuchokera ku Fonte Boa pa njinga, ena ku Dedza. Akatekista anapemphera. Mkulu wa kuchimuna anaimirira n'kunena kuti, "A Armindo, mwatitseka pakamwa. Mlamu wotere sapezeka." Amayi analulutira. Ine ndinalira, ndipo ndinakagwada pamaso pa malume n'kuwathokoza pagulu. Mumtima ndinati munthu wotere sangakhale woipa kwenikweni, mwina za muyezo zija akudziwa zimene ine sindidziwa.

M'mawa mwake mayi anandituma. "Malume ako akuti chilizacho chizithiridwa madzi sabata yonse kuti chisang'ambike. Dzuwa lisanakwere, pita ndi ndowa."

Anthu atabalalika dzulo lake, wina anali atafunditsa chilizacho ndi mapepala a matumba a simenti onyowa, kuti chinyezi chisathawe. Ndinayamba kuthira. Madzi atayenderera pa pepala loyamba, ndinaona penti wabuluu. Tsiku ndi mwezi. Nambala seveni yokhala ndi kamzere pakati, yopendekera kumanzere, monga ndimalembera ine.

Ndinatembenuza lachiwiri. Dzanja langa. Lachitatu, lachinayi, onse.

Ndinavundukula chilizacho n'kuchigogoda ndi mwala. Chinalira ngati belu. Ndinali ndisanaonepo konkire wabwino chotero pa ntchito yathu yonse, kupatula wa pa lata uja. Ndinapinda pepala limodzi n'kubwerera nalo kunyumba.

5

Mayi ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinaika pepala limodzi pa lichero lawo. Sanadzidzimuke. Anangolichotsa n'kupitiriza kusankha.

"Mayi, simenti imeneyi ndi ya mlatho."

"Nanga unkati yagwa kumwamba?"

"Mumadziwa?"

"Khala pansi, usandiimirire ngati wapolisi."

Ndinakhala. Anandiuza mopanda kubisa, ngati akufotokoza za mbewu. Matumba a chiliza anali ochepa chabe. Ena anafoletsa khonde la malume, ena anapita kwa anthu amene sindinawafunse mayina. Zinayamba kale ine ndisanafike. Vuto linabwera pamene enjenyeru ananena kuti pa nsanamira akufuna wophunzira wa ku Tete woyang'anira makubu.

"Malume ako anabwera kuno tulo tasowa. Akuti akabwera mwana wa eni, andiulula. Ndiye ine ndinati, bwanji Telma? Akusowa malo, ndipo sayankhula."

"Ndinu munanena?"

"Ndine. Ndinalakwa? Iwe wapeza sukulu yako, bambo ako agona mwaulemu, malume ako ali pa ntchito. Ndani walira?"

Ndinakumbukira mmene ndinagwadira m'chipinda ku Tete. Ndinkayesa kuti Mulungu wayankha pemphero langa, kapena kuti malume aona nzeru zanga. Anandisankha monga musankhira galu wosauwa. Ndipo amene anandiloza anali mayi anga ondibereka, amene anandiphunzitsa kupemphera kolona.

"Anthu adzadutsa pamenepo, mayi. Inunso mudzadutsa."

"Armindo wamanga zambiri, sizinagwe." Anaika lichero pansi n'kundiyang'ana koyamba. "Tamvera. Ukatsegula pakamwa, a kuchimuna adzamva kuti m'bale wawo wagona pansi pa katundu wakuba. Adzabwera ndi nyundo kudzaphwanya. Udzaima pomwepo n'kumaonerera akugumula pamutu pa bambo ako? Ndiyankhe."

Sindiyankha kawirikawiri, ndipo iwo ankadziwa.

6

Apa ndi pamene ndakhala ndikuzungulira, owerenga. Kwathu sadziwa bwino gawo ili, ndipo ndikanatha kulidumpha.

Tsiku lonyamula makubu enjenyeru Estêvão anabwera ndi galimoto. Tinawavuula mu m'golo n'kuwakulunga m'masaka. Anatulutsa pepala n'kuliyala pa boneti. Linkati makubuwa anatengedwa pa konkire amene analowa m'nsanamira, ine ndikuona. Malume sanali pafupi. Anali kutsidya, akukalipira anthu a zitsulo. Panalibe wondiopseza.

Enjenyeru anandipatsa cholembera n'kufunsa, "Zonse zinayenda bwino, Telma? Ngati pali chimene sunachimvetse, nena. N'chifukwa chake uli pano."

Anafunsa mwachifundo, ndipo anadikira. Ndinaganiza za nyundo pa chiliza. Koma ndisakunamizeni, ndinaganizanso za ine. Mlatho ukaimitsidwa, esitajiyo yanga yathera pomwepo, ndipo anzanga adzavala mikanjo yomalizira maphunziro ine ndili kumudzi.

"Zonse zinayenda bwino, bwana."

Ndinasayina dzina langa lonse, mosamala, kuti lioneke la munthu wophunzira. A Zeferina ankadutsa ndi ndowa pamutu. Anaima n'kunena, "Taonani mwana wathu akusayina za boma!" Anandipatsa madzi akumwa m'chikho chawo, ndipo ndinamwa.

Makubu anakhoza bwino kwambiri. Ine ndinakhozanso. Pa lipoti langa enjenyeru analemba kuti ndine wokhulupirika. Mlatho unatsegulidwa mu Novembala, kwaya ikuimba.

7

Unagwa mu Febuluwale, mvula itagwa masiku anayi. Madzi anadya nsanamira yapakati, ndipo lole yonyamula mbatata itakwera, mlatho unathyoka ngati bisiketi. Woyendetsa anatuluka wamoyo. Pamwamba pa matumba panali a Jeremias, amuna awo a Zeferina, akuperekeza mbatata yawo ku Ulongwe. Matumba anawagwera m'chiuno.

Anthu a boma anabwera kudzafufuza. Kampani inatulutsa mapepala. Makubu anali olimba, wophunzira anasayina. Anagamula kuti lole inalemera kwambiri ndipo mvula inaposa muyezo. Mayi anandiimbira foni mawu ali myaa. "Wamva? Yatha bwino. Tiyamike Mulungu."

Ndinakwera shapa, minibasi zakwathu zija, kupita ku chipatala ku Ulongwe. A Jeremias anali chigonere, miyendo yosamva kanthu. A Zeferina anali pansi pambali pa bedi, ataonda. Atandiona anadzuka n'kundiyalira chitenje.

"A Enjenyera athu! Mwavutikiranji ulendo wonsewu?" Anaona nkhope yanga n'kundigwira tsaya. "Iwe, usadziimbe mlandu. Unagwira ntchito yako, tonse tinkakuona. Madzi ndi a Mulungu."

Anatsegula kambale n'kundigawira nthochi imodzi mwa ziwiri zimene anali nazo.

Ndikanapirira akanandilalatira. Koma nthochi ija sindinathe kuipirira. Ndinaigwira m'manja n'kuwauza zonse: muyezo, lata la kuseri, chiliza, pepala la pa boneti. Ndinalankhula nthawi yaitali kuposa mmene ndinalankhulirapo m'moyo wanga. A Jeremias anatembenuzira nkhope kukhoma.

A Zeferina anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Tsiku lija unkasayina, ine n'kukupatsa madzi, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anakoka chitenje chawo pansi panga, mwaulemu, mpaka ndinaimirira. Anachikutumula n'kuchipinda.

"Pita, mwana wa a Perpétua. Odwala akufuna kupuma."

8

Kuchokera pa chipatala ndinapita kwa enjenyeru Estêvão. Anamvetsera osandidula. Anatumiza anthu kukaboola chidutswa cha nsanamira yogwayo, ndipo makina a ku Tete anachiphwanya asanafike ndi theka la mphamvu yofunika. Sanandikalipire. Anangoti, "Ndinakufunsa," n'kutseka chitseko.

Malume anachotsedwa ntchito ndipo nkhani yawo ili kubwalo. Akakumana nane panjira amalavula. Sukulu inafafaniza esitajiyo yanga n'kundiimitsa chaka, ndipo sindikudziwa ngati kampani ina idzandilandira. A kuchimuna anabweradi ndi nyundo, monga ananenera mayi. Anagogoda theka la tsiku, anangobenthula ngodya, n'kutopa. Mayi amauza anthu kutchalitchi kuti ana awo ndi awiri, pamene tili atatu. Kampani inavomera kusamalira a Jeremias, ndipo mlatho akuti adzamanganso. Pakali pano pali mitengo iwiri yoyala.

Ena akamva nkhaniyi amandiyamikira kuti ndinalimba mtima. Musatero, chonde, zimandidwalitsa. Ndinali ndi masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, kenako miyezi isanu ndi umodzi, ndipo tsiku lililonse ndinkapemphera m'mawa n'kudzuka pa mawondo ndili yemwe uja. Ndinalankhula munthu atathyoka kale msana. Choonadi chimene ndinanena mu Febuluwale ndi chomwecho chimene ndinali nacho mu Julaye, pamene mtengo wake ukanakhala matumba a simenti chabe.

Inu amene muli ndi mwana wofatsa pakhomo, amene mumamutama kuti sayankha akulu, dzifunseni kuti mukumusungira ntchito yanji. Ndipo inu ofatsa anzanga, amene mumayesa kuti kukhala chete ndi ulemu, dziwani kuti pali anthu amene anakuonani kale, ndipo akudziwa pamene adzakuimikeni.

Sindikupempha kuti mundikhululukire, chifukwa si inu amene ndinakulakwirani. Koma ngati mumapemphera, musayambe ndi dzina langa. Yambani ndi a Jeremias, bambo wa ana asanu, amene Lachinayi lililonse popita ku chipatala amawoloka mtsinje uja ataberekedwa kumsana kwa mng'ono wawo, akazi awo akutsatira pambuyo atanyamula nsapato zawo.